Tcheni chadukanso? Tolani zidutswa zonse ziwiri muone pamene chadukira

Mvula ikakhazikika, kuyambira Disembala mpaka Malichi, munthu amene ali ndi thirakitala amasanduka m'bale wa dalaiva aliyense wodutsa m'deralo. Foni imalira usiku, kapena amatulukira mnyamata wa pa lole ali matope mpaka m'mawondo: "Achimwene, tatitimira pa dambo paja. Bwana akuti mutithandize, za dizilo tikambirana." Ine ndimayendetsa thirakitala pa esiteti ina ya fodya chakumadzulo kwa Kasungu, ndipo maulendo oterewa ndayenda ambiri.

Umene sindiuiwala ndi wa mu Januwale wina. Lole ya matani 7 inanyamula feteleza, matumba 140, n'kulowa mpaka ekiselo ya kumbuyo kukhala pansi. Tcheni chinali cha eni lole, chadzimbiri, pakati pake polumikizidwa ndi bawuti. Ndinakoka kawiri, matayala anga akungopala matope. Apo dalaiva wa loleyo, bambo wa imvi, anati, "Mwana wanga, tabwerera m'mbuyo pang'ono tcheni chikhwefuke, ndiye uyambire patali ndi mphamvu. Ifetu timatero." Ndinamvera poti ndi akulu. Chimene ndinamva ndi kulira ngati kwa mfuti. Chidutswa cha tcheni chinamenya madigadi ya kumanja n'kuipinda moti chibakera chimakwanamo, ndipo kuchoka pamenepo kufika pa nthiti zanga panali chikhatho chimodzi chokha. Lole sinasunthe n'komwe. Tinatsitsa matumba onse mounikira ndi tochi, tinakumba kutsogolo kwa matayala, ndipo cha m'ma 11 koloko usiku inatuluka ndi theka la tcheni chomwecho, ine ndikukoka pang'onopang'ono ngati ng'ombe pa goli.

Kuchokera tsiku limenelo, chinthu chikaduka ndimatola mbali zonse ziwiri n'kuziyang'anitsitsa. Anthu ambiri chikaduka amangoti tcheni chake n'chachabechabe, mawa amakagula chachikulupo, n'kudzachidulanso mofanana. Pamene paduka pamanena chimene chalakwika, ndipo kawirikawiri vuto limakhala la kakokedwe kapena la pomangirira.

Thirakitala yanu imakoka zolemera bwanji

Anthu amakonda kufunsa za mahosipawa, koma pokoka chimalamula ndi mmene matayala agwirira pansi. Massey Ferguson ya mahosipawa 70 kapena 80, yokoka ndi matayala a kumbuyo okha, imalemera pafupifupi matani 3. Pa dothi louma ndi lolimba imatha kukoka ndi mphamvu yokwana ngati theka la kulemera kwake, tingoti tani imodzi ndi theka, mwina kufika awiri. Kupyola apo matayala amayamba kupala. Pa matope amayamba kupala isanafike n'komwe pamenepo. Kupalako musakuone ngati manyazi pamaso pa anthu amene asonkhana kudzaonerera. Kumagwira ntchito ya fyuzi: mphamvu ikachuluka imathera m'matope, siifika podula chitsulo.

Tsono taonani mbali ya chokokedwacho. Galimoto ikakhala pa tala, matayala akugudubuzika, imafuna mphamvu yochepa kwambiri, n'chifukwa chake anyamata anayi amakankha minibasi. Ikatitimira nkhani imasintha. Asilikali a ku America amene amakoka magalimoto otitimira amawerengera motere: matope akamiza matayala, mphamvu yofunika ndi yofanana ndi kulemera kwa galimoto yonse, akafika m'madigadi, kuwirikiza kawiri, akafika ku kabini, katatu. Lole ija, feteleza matani 7 kuphatikiza thupi lake, inali pafupifupi matani 12. Ine ndinabwera ndi tani imodzi ndi theka. Panalibe tcheni pa dziko lino chimene chikanathetsa masamu amenewo.

Nanga tcheni chimaduka bwanji ngati thirakitala siitha kukoka kuposa matani awiri? Yankho lili pa malangizo a bambo aja. Thirakitala ya matani 3 ikamayenda makilomita 8 pa ola, liwiro la munthu wothamanga pang'ono, tcheni n'kuiimitsa mwadzidzidzi pa masentimita 5 okha, mphamvu imene imadutsa m'tchenicho imafika pafupifupi matani 15. Tcheni sichitanuka, choncho mphamvu yonseyo imagwera pa mphete imodzi yofooka, pa mbedza, kapena pa pini. Thirakitala yomweyo itaimitsidwa ndi chingwe chimene chatanuka mita yathunthu, mphamvu ya kutsompholako siingafike ngakhale matani awiri. Kusiyana kwa tcheni, chingwe ndi lamba kwagona pamenepa.

Chikaduka ndi tcheni

Yambani ndi mphete imene yadukayo. Ngati yatalika n'kuwonda, ndipo zoyandikana nazo zapanana moti sizikutembenuka, tchenicho chinalemedwa kupyola mphamvu yake, kapena ndi cha chitsulo chofewa. Ngati yatseguka pa msoko pamene anawotcherera ku fakitale, ndi tcheni chotchipa chimene sichinapangidwire ntchito imeneyi. Ngati yathyoka mwaukhondo ngati bisiketi, fufuzani ngati wina anaitenthapo ndi moto. Ngati paduka ndi pamene tcheni chinakhota pa ngodya yakuthwa ya chasisi, kapena pamene panamangidwa mfundo, kapena chinali chopotoka, vuto linali la kamangidwe. Mphete inapangidwa kuti izikokedwa molunjika m'litali mwake. Ikakokedwa chopingasa imapindika kaye kenako n'kuthyoka.

Matcheni amasiyana ngakhale kunenepa kwake kukhale kumodzi, ndipo abwino amakhala ndi nambala yodindidwa pa mphete zina. Pukutani ndi nsalu muyang'ane. Tcheni cha mamilimita 10 cha giredi 30 chimaloledwa kugwira ntchito pa tani imodzi ndi pang'ono. Cha giredi 70, chooneka chagolide chimene madalaiva a mathiraki amamangira makina pa ngolo, chimafika pafupifupi matani 3. Pa mphete pamalembedwa 7, 70 kapena G7. Cha giredi 80, cholembedwa 8 kapena 80, chimaloledwa matani 3.15 ndipo sichiduka mpaka mphamvu itapyola matani 12. Cha mamilimita 13 cha giredi yomweyo ndi matani 5.3, cha 16 ndi matani 8. Zilembo za WLL zimene mumaziona pa zipangizozi zikutanthauza kulemera kumene chinthucho chimaloledwa kunyamula tsiku ndi tsiku, ndipo pa matcheniwa mphamvu yodulira imakhala kanayi kuposa pamenepo. Kanayiko ndi malo osungira ngozi, si oti muziwerengera ngati anu.

M'masitolo ogulitsa zitsulo, kaya ku Malangalanga ku Lilongwe kaya ku Limbe, mudzapeza tcheni chonyezimira chogulitsidwa pa mita, chopanda nambala iliyonse. Chimenecho n'chabwino pa geti, pa galu ndi pa loko wa njinga. Tcheni chilichonse chopanda nambala muchitenge ngati cha giredi yotsikitsitsa, kaya wogulitsa alumbire bwanji. Kwa thirakitala ngati yanga, cha mamilimita 10 cha giredi 70 kapena 80 chimakwana pa zipika ndi zitsa, ndipo cha 13 chimandipatsa mtendere ndikamakoka malole.

Pali zinthu ziwiri zimene timakonda kuchita kuno zimene zimapha tcheni chabwino. China ndi kulumikiza ndi bawuti. Bawuti imalowa chopingasa ndipo imametedwa kapena kupindika pa mphamvu yochepa kuyerekeza ndi mphete. China ndi kupita nacho kwa wowotcherera pa msika. Iye angakhale katswiri pa mafelemu a mawindo, koma mphamvu ya tcheni cha giredi 70 kapena 80 imachokera pa mmene anachitenthera ndi kuchiziziritsa ku fakitale, ndipo moto wa weding'i umafafaniza zimenezo pa mphete yowotchedwayo ndi zoyandikana nazo. Pali zolumikizira zake zenizeni, zokhala ndi pini yokhomera, zolembedwa giredi ndi saizi. Ngati simunazipeze, dulani tchenicho mukhale ndi zifupizifupi ziwiri.

Mvula isanayambe, yalani tcheni pa simenti. Pamene mphete zimakhudzana ndi pamene pamaperepeseka. Ngati chitsulo cha mamilimita 10 chadyeka kufika pa 9, chatha ntchito. Yezani mphete 10 za pakati n'kuyerekeza ndi 10 za kumapeto zimene sizigwira ntchito kwambiri. Zikatalika ndi magawo 5 pa 100, chitayeni. Ndipo musamachisunge m'shedi ya feteleza. Feteleza amadya chitsulo moti tcheni chimene munachisiya chabwino mu Epulo mudzachipeza chikuyoyoka dzimbiri mu Novembala.

Ena amati tcheni chikaduka chimangogwa pansi. Madigadi yanga ija ikukana. N'zoona kuti sichibwerera mwaukali ngati nayiloni, koma chikatsompholedwa chimauluka, ndipo chimabwera ndi mbedza kumapeto.

Chingwe cha buluu ndi zinzake

Chingwe cha buluu cha pulasitiki, chija timamangira katundu pa njinga ndi kutungira madzi pachitsime, chimapangidwa ndi polypropylene. Cha mamilimita 12 chikakhala chatsopano chimaduka pa matani pafupifupi awiri. Mukamanga mfundo, mphamvu imatsika mpaka theka, ndipo n'chifukwa chake chingwe chimakonda kudukira pa mfundo penipeni. Chikakhala padzuwa miyezi ingapo chimafwifwa, ndipo mukachipotokola ndi manja mumaona ufa ukugwa pakati pa nkhosi zake. Chikafika apo ngakhale mbuzi yamphamvu imachidula. Kuchipinda kanayi kumathandiza pang'ono, koma mizere inayiyo siikungika mofanana: umodzi umayamba kulemedwa n'kuduka, inayo n'kutsatira umodziumodzi. Ine ndimachigwiritsa ntchito pokoka nthambi, mapesi kapena mitengo ya zigafa, basi. Cha khonje chimaola mkati chikanyowa kangapo, kunja chikuoneka bwinobwino.

Nayiloni ndi nkhani ina, ndipo apa ndi pofunika kumvetsa. Chingwe cha nayiloni chimatanuka kwambiri, magawo 20 kufika 30 pa 100 a kutalika kwake chisanaduke. Pali zingwe ndi malamba a nayiloni opangidwira kutsomphola galimoto yotitimira: wokoka amayamba chingwe chili chokhwefuka pang'ono, chimatanuka, kenako pobwerera chimazula galimotoyo mofewa. Pa pikapu imene yatitimira mu mchenga wa ku Salima zimagwira bwino kwambiri. Opanga amalangiza kuti mphamvu yake yodukira ikhale kawiri kapena katatu kuposa kulemera kwa galimoto yopepuka pa ziwirizo. Chikanyowa mphamvu yake imatsika pang'ono, ndipo chikatsompholedwa kangapo motsatizana chimafunika kupuma kuti chibwerere m'malo mwake.

Koma aliyense amene anasewerapo ndi legeni ali mwana akudziwa chimene chinthu chotanuka chimachita. Mphira sizipha mbalame, umapha ndi mwala umene zaponya. Nayiloni ikakungika, chilichonse chachitsulo chimene chili kumapeto kwake chasanduka mwala wa legeni. Choncho kulumikiza nayiloni ndi tcheni kuti chitalike, kapena kulumikiza malamba awiri ndi shackle pakati, chitsulo chija chooneka ngati U chotsekedwa ndi pini, ndi kamangidwe koopsa kuposa konse kamene ndikudziwa. Mukafuna kulumikiza malamba awiri, lowetsani diso la wina m'diso la mnzake popanda chitsulo, n'kuika kamtengo kapena nyuzipepala yopindidwa pakati pa mfundoyo kuti mudzathe kumasula. Ndipo nayiloni musaiyandikize pa chitsa kapena pa mtengo woimirira. Chitsa sichigonja pang'onopang'ono ngati galimoto. Chimakana, chingwe chikusunga mphamvu, kenako muzu ukaduka chonse chimabwera kumene kuli dalaiva.

Malamba si amodzi

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, chifukwa onse amaoneka ngati nsalu yolimba yopyapyala. Alipo omangira katundu, aja okhala ndi chokungira chachitsulo ndi timbedza tiwiri, amene mumawaona pa malole a mabelo a fodya opita ku Kanengo. Pa ena pamalembedwa matani 5, ndipo munthu akaona nambalayo amati ndapeza chokokera. Nambala imeneyo kawirikawiri imanena pamene lambayo amadukira, kapena mphamvu yake akazungulira katundu mbali ziwiri. Timbedza take timawongoka msanga ndipo chokungiracho chimauluka. Pokokera galimoto asiyeni.

Ena ndi onyamulira katundu ndi kireni, a poliyesitala, okhala ndi maso osokedwa kumapeto. Awa ndi amphamvu zenizeni. Opangidwa motsata muyezo wa ku Ulaya amadziwika ndi mtundu: wapepo ndi tani imodzi, wobiriwira 2, wachikasu 3, wotuwa 4, wofiira 5, wa bulawuni 6, wa buluu 8, wa olenji 10 kapena kuposa, ndipo amaduka pa mphamvu yowirikiza ka 7. Satanuka kwenikweni, choncho akokeni ngati tcheni, pang'onopang'ono. Ubwino wake ndi woti ndi opepuka, sakanda galimoto, ndipo akaduka popanda chitsulo kumapeto savulaza ngati tcheni. Kachikwangwani kosokedwa pa lambayo kamanenanso ulusi wake: ka buluu ndi poliyesitala, kobiriwira ndi nayiloni, ka bulawuni ndi polypropylene.

Lamba akaduka, muwerengeni chimodzimodzi. Akaduka mowongoka ngati wadulidwa ndi mpeni, anakhudza ngodya yakuthwa; lamba wokungika amadulidwa ndi chitsulo chimene chala chanu sichingachiyese chakuthwa. Ikanipo chidutswa cha tayala kapena chubu chakale pamene akukhotera. Ulusi ukaoneka wosungunuka n'kuuma gwa, anakhuzika kapena anatsompholedwa. Ukamayoyoka ngati ufa, ndi dzuwa kapena mankhwala. Asidi wa m'batire amadya nayiloni, choncho lamba amene wagona m'bokosi limodzi ndi batire yotayikira musamukhulupirire. Pa zipika malamba sakhalitsa, chifukwa kukwekwesa pansi pa miyala kumawamaliza tsiku limodzi. Kumeneko ndi kwa tcheni.

Za waya wachitsulo, uja wochotsedwa pa winchi yakale, ndingonena mwachidule. Akapindika n'kupanga kagongono sabwereranso mphamvu yake, tinthambo take tothyoka timang'amba manja, ndipo akaduka amakwapula ngati chikoti. Ngati mukupanga diso ndi timakilipi, tikhale titatu kapena kuposa, ndipo bawuti yooneka ngati U izikhala mbali ya kamchira kakafupi, chopondera chake mbali ya waya amene akukoka.

Chokokera chili bwinobwino, chathyoka ndi pomangirira

Ili ndi vuto limene limabwera mukangogula tcheni champhamvu. Kufooka kumasamukira kwina. Pa pikapu, anthu amakolowetsa chingwe pa kampira kachitsulo kokokera ngolo. Kampirako kanapangidwira ngolo yoyenda pa msewu. Kakatsompholedwa kamathyoka pakhosi, ndipo m'mayiko ena kapha anthu katabowola galasi la galimoto yokoka. Bampa, chitsulo cha chiwongolero, masipuling'i ndi timaso tating'ono tomangirira galimoto pa sitima, zonsezi si pokokera. Pezani mbedza kapena pini imene inamangidwa pa chasisi penipeni. Pa lole gwadani muyang'ane pansi pa bampa, ngakhale zitanthauze kugona m'matope.

Ngati pali malo awiri, kumanzere ndi kumanja, ndi bwino kugawa mphamvu ndi lamba wopanga V, koma V-yo ikhale yaitali ndi yopapatiza. Ikatambasuka kufika madigiri 120, mbali iliyonse imanyamula mphamvu yonse yathunthu, kwinaku ikufinya chasisi kulowetsa mkati.

Shackle, chitsulo chija chooneka ngati U chotsekedwa ndi pini yopotokola, ikhale yolembedwa WLL pathupi pake. Ya matani 4.75, ya pini ya mamilimita 22, imakwana pa ntchito zambiri za thirakitala yapakati. Mbedza ikatseguka kukamwa, ndiye kuti mphamvu inagwera kunsonga m'malo mwa pakhosi pake. Musaibweze ndi hamala, itayeni. Pali mbedza ya kukamwa kopapatiza imene imagwira mphete imodzi, yofupikitsira tcheni, ndi ya kukamwa kotakasuka imene imatsetsereka kuti tcheni chifinye chipika. Mukazisinthanitsa, chipika chimapulumuka ulendo uliwonse. Pokolowetsa, kukamwa kwa mbedza kuyang'ane kumwamba, kuti ikawongoka ithawire pansi.

Ku thirakitala, pini ya drawbar, chitsulo chokokera chimene chili kumbuyo kwake, ikhale yake yeniyeni yokhala ndi kachotsekera kunsi. Ndaona anthu akuikapo chidutswa cha chitsulo chomangira nyumba, cha Y16. Chimapindika, kenako chimadumpha.

Thirakitala ikamanyamuka kutsogolo

Ngati matayala a kutsogolo akupepuka kapena kunyamuka mukamakoka, pondani kilatchi nthawi yomweyo, tsikani, mukaone pamene mwamangirira. Malo okokera ndi amodzi okha, drawbar, imene ili m'munsi mwa ekiselo ya kumbuyo. Mukamangirira pa ekiselo penipeni, pa pini ya top link, mkono uja wa pamwamba wogwira pulawo, kapena pa mikono ya hayidiroliki itakwezedwa, katundu akakana kusuntha thirakitala imazungulira pa ekiselo yake n'kugwa chagada. Anthu amaganiza kuti adzaona ikunyamuka n'kudumpha. Imafika posabwereranso isanathe sekondi imodzi, ndipo pa sekondi imodzi ndi theka imakhala itagona pa dalaiva. Mathirakitala ambiri kuno alibe chitsulo chotchinjiriza pamwamba pa mpando, ena anachichotsa dala kuti azilowa bwino m'mashedi.

Anthu amamangirira pamwamba pofuna kuti matayala a kumbuyo agwire kwambiri, ndipo amagwiradi. Vuto lake ndi lomwelo: mwachotsa fyuzi ija. Matayala akaleka kupala, chotsala kuzungulira ndi thirakitala yonse. Zimachitikanso thirakitala yanu ikatitimira, wina n'kumangirira chipika pa tayala la kumbuyo kuti ligwire. Ngati mwatitimira, yesani kutuluka chobwerera m'mbuyo.

Pa zipika, kaya za bulugamu za nkhuni zochizira fodya kaya za paini ngati za ku Chikangawa, ngozi imabwera pamene mutu wa chipika wakodwa pa chitsa kapena mwala muli pa liwiro. Mangani tcheni pafupi ndi mutu, semani mutuwo ndi nkhwangwa kuti usakumbe pansi, kapena ugonekeni pa boneti yakale ya galimoto kuti uzitsetsereka. Yendani pa giya yotsika, phazi lili pafupi ndi kilatchi. Pa zitsa, kumbani ndi kudula mizu ikuluikulu kaye. Chitsa cha msangu kapena muwanga chimene sichinakumbidwe chimaposa thirakitala yanu.

Palibe chaduka, koma sizikusuntha

Musanawonjezere mphamvu, funsani dalaiva za mabuleki. Malole ambiri a mabuleki a mpweya amadzimanga okha mpweya ukatha m'matanki. Injini ikakhala yozima kwa maola angapo, mungakhale mukukoka lole yomangika matayala, ndipo ndaonapo tcheni chikuduka pa chifukwa chimenechi anthu akunamizira matope. Alize injini, mpweya udzaze, amasule buleki, ndipo pokoka athandize ndi giya yotsika popanda kupalitsa matayala.

Kenako khasu ndi fosholo. Kumbani kutsogolo kwa tayala lililonse kuti pakhale potsetsereka m'malo mwa khoma, chotsani dothi limene lagwira difu ndi chasisi, yalani nthambi, miyala kapena matabwa. Dothi la makande, monga la ku Chikwawa ndi ku chigwa cha Phalombe, limayamwa galimoto ngati mphika womata, choncho kunyamula ndi jeke kuti mpweya ulowe pansi kumathandiza kuposa thirakitala yachiwiri. Tsitsani katundu. Eni lole amakana poopa kulipira aganyu, koma matumba 140 akatsika mwachotsa matani 7 pa 12 aja. Kokerani kumene galimoto inalowera ngati n'kotheka, chifukwa njira inapondedwa kale, ndipo kokani molunjika. Thirakitala yanu iime pouma. Apa ndi pamene chokokera chachitali chimaposa chachifupi.

Pokoka, munthu mmodzi yekha ndiye azipereka zizindikiro, ataima pambali pamene madalaiva onse awiri akumuona. Kungani chokokera pang'onopang'ono mpaka chiwongoke, imani, muone ngati mbedza zakhala bwino, kenako wonjezerani mphamvu. Ponyani thumba lonyowa kapena bulangeti lakale pakati pa chokokeracho kuti chikaduka chigwere pansi. Oonerera achoke, atalikire kuposa kutalika kwa chokokeracho kamodzi ndi theka. Ana ndi amene amavuta, amafuna aone pafupi, ndipo ine sindiyamba kukoka mpaka mkulu wina wa pamudzipo atawathamangitsa. Ndikayesa katatu osasuntha, ndimazimitsa injini n'kubwerera ku khasu.

Galimoto ikatuluka m'matope koma injini yafa, ndipo akupempha kuti muikokere ku garaja, kumbukirani kuti tcheni ndi chingwe zimangodziwa kukoka, sizikankha. Pa mtsetse lole yopanda mabuleki imakupezani kumbuyo, ndipo thirakitala ya matani 3 singaimitse matani 12. Pa njira yotsetsereka pamafunika chitsulo chokokera cholimba cholumikiza ziwirizo, ndipo pa mitsetse ngati ya Chiweta kapena Thabwa ndi ntchito ya galimoto zokokera zenizeni.

M'bokosi la pa thirakitala yanga mumakhala tcheni cha mamilimita 13 cha giredi 80 chotalika mamita 5, china cha 10 cha zipika chokhala ndi mbedza za mitundu iwiri ija, lamba wofiira wa matani 5, ma shackle awiri, pini yapadera ya drawbar, zidutswa ziwiri za tayala, khasu ndi chikwanje. Lambayo ndikabwera naye ku matope ndimamutsuka ndi madzi okha, chifukwa mchenga wotsalira mkati umadula ulusi pang'onopang'ono, n'kumuyanika pa mthunzi wa khonde. Matcheni ndimawapaka oyilo wakale wa injini n'kuwapachika pa msomali. Tcheni cha eni lole sindigwiritsanso ntchito ndisanachiyale pansi n'kuchiyenda mphete ndi mphete ndi tochi, ndipo ndikapeza bawuti pakati ndimachibweza mu kabini mwawo.